Tsiku Limene Bwana Chikopa Anagwada

Chitedze anakhala pa benchi m'chipinda chakuseri kwa shopu ya telala, nsapato atavula, manja atawakhalira monga anamuuzira. Telala anali atalowetsa pilo m'malaya kuti mimba ifanane ndi ya Bwana Chikopa, mzungu mwini sitolo ya nsapato ya m'tauni, ndipo ankayenda uku ndi uku mphuno ataikweza. Anthu amene anadzaza chipindacho ankayesetsa kubisa phwete, chifukwa sanali masewera. Anabwera kudzaphunzira kutukwanidwa osabwezera, pokonzekera chionetsero cha kusitoloko.

"Iwe, chotsa zimapazi zako pamenepo," anatero telala, mawu akutulukira m'mphuno. "Mapazi ngati makasu. Ukufuna kundinunkhitsira katundu?"

"Ndabwera kudzayesa nsapato," anayankha Chitedze, monga anagwirizana kuti aliyense aziyankha.

"Kuyesa? Pita pa zenera uko ukapereke kachingwe kako." Telala anawerama n'kumuyang'ana m'maso. Kenako, sewero litamukomera, anawonjeza zake zimene sanatumidwe. "Si iwe mkazi wa kamdala ka mwendo umodzi kaja?"

Mmene dzanja linachokera pansi pa ntchafu palibe anaona. Anthu anangomva phaa, pilo n'kugwa pansi, telala ali chigwirire tsaya. Dzina loti Chitedze sanachite kumunamizira mayiyu. Womukhudza ankadzikanda mlungu wonse, ndipo dzanja lake linali lozolowera kunyamula simbi tsiku lathunthu kochapira zovala za kuchipatala.

"Alamu, si koyamba," anatero Anamwino, amene ankatsogolera gululo. Anali mlongo wa mwamuna wa Chitedze, mayi wosakweza mawu ngakhale nyumba itayaka. "Uyu ndi telala. Ndiye amakusokerani madiresi. Nanga mwini wakeyo mukadzamuona mudzatani?"

"Anatchula achimwene anu."

"Ndamva. Uko adzatchula oposa pamenepo. Apolisi akufuna mbama imodzi yokha, alamu. Ikangolira, nyuzipepala zilemba kuti tinapita kukachita chipolowe, ndipo anthu onsewa athyoledwa nthiti chifukwa cha inu. Ngati simungathe, khalani kunyumba. Palibe adzakusekeni."

"Ine za kukonda adani ndinawasiyira abusa," anatero Chitedze. "Koma manjawa ndiwamanga. Ndikulonjeza."

Analonjeza za manja. Za mapazi sananene kanthu, ndipo palibe anamufunsa.

M'tauni imeneyo munthu wakuda ankaloledwa kugula nsapato, koma kuyesa ayi. Unkatenga chingwe kunyumba, kuyeza kuchokera kuchidendene mpaka kuchala chachikulu, kudula, n'kukapereka pa zenera la kumbali kwa sitolo, kufupi ndi migolo ya zinyalala. Wogulitsa ankayika chingwecho pansi pa nsapato, n'kukupatsa imene wakonda iye. Ikakuthina, lako tsoka. Kubweza kunalibe, chifukwa ati nsapato imene mwalowa phazi lakuda mzungu sangaigulenso. Chingwe chimanena kutalika kwa phazi, koma za kutambalala kwake sichidziwa kanthu. Ndiye anthu ankangotsimphina, n'kumati nsapato yatsopano imaluma, izolowera.

Mwamuna wa Chitedze anthu ankawatcha a Chitseko, chifukwa moyo wawo wonse anaugwira ataima pakhomo la hotela yaikulu, kutsegulira azungu chitseko chimene iwo sankaloledwa kulowera. Ntchitoyo inkafuna nsapato zakuda zonyezimira. Mapazi awo anali otambalala, ndipo thupi linali ndi matenda a shuga. Nsapato imene anawaponyera pa zenera inawafinya zala ngati mbano. Mawa lake anabwerera nayo, chipewa chili m'manja, n'kupempha mwaulemu kuti awasinthire. Bwana Chikopa anasuzumira yekha pa zenerapo.

"Nsapato sinalakwe," anatero. "Chepetsa phazi."

Ndalama zogulira ina analibe, ntchito inali yosajomba. Thuza linasanduka chilonda, chilonda chinakana mankhwala, chala chinada. Anamwino anatsuka, anamanga, anapemphera. Potsiriza madokotala anadula mwendo m'munsi mwa bondo, ndipo hotela inapeza munthu wina wa miyendo iwiri. Kuyambira pamenepo Chitedze ankagona ndi nkhope ya Bwana Chikopa, n'kudzuka nayo. Sankafuna chilungamo, mawu amene Anamwino ankawakonda. Ankafuna mano a munthuyo ali pansi.

Pochoka kwa telala anadzera kwa wosoka nsapato wa pamsika. Anamupatsa nsapato zake za kuntchito, zolemera zija, n'kumuuza kuti akhomere zitsulo kutsogolo ndi kuchidendene.

"Kutsogolo komwe, mayi? Mwayamba mpira?"

"Khoma iwe. Mafunso ukawafunse akwanu."

Atafika kunyumba anapeza a Chitseko ali pakhonde, ndodo zoyendera atazitsamiritsa kukhoma, akukonza wailesi ya anansi. Chiwachotsereni ntchito manja awo sankakhala chete. Anamva nsapato zikulira ngo, ngo pa simenti, ndipo sanachite kutukula mutu.

"Mayi, mwagula hatchi?"

"Zinkatha msanga zidendenezi."

"Ndi zala zomwe?" Anayika pansi kachitsulo komasulira. "Takhalani apa. Ine ndakhala nanu zaka zonsezi, mukatsokomola ndimadziwa chimene mwameza. Mukufuna kukamuponda uja."

Chitedze anakhala pa sitepe, n'kuyang'ana mwendo wa buluku umene iye mwini ankaupinda ndi kuumanga ndi pini m'mawa uliwonse. Mtima unamuwawa monga unkachitira nthawi zonse akayang'ana pamenepo.

"Azigwadira akazi a azungu, kuwasisita mapazi, kuwamwetulira," anatero. "Tsiku limene adzayandikize nkhope ija kwa ine, adzadziwa kuti phazi losachepetsa limalemera bwanji."

"Ndiye mwendowu umera?"

"Sumera. Koma iye aziti akafuna kutafuna azikukumbukirani."

"Nanga inu muli kundende, msana wangawu azindikhula ndani? Alamu anu aja manja awo ndi a kuchipatala, amakhula ngati akutsuka mphika." Anaseka okha, koma ataona kuti nthabwala yagwera pamwala anasiya. "Madzi akatayika saoleka, mayi. Ine ndinataya mwendo. Musandiwonjezere kutaya mkazi."

Chitedze anadzuka pa sitepe. Analowa m'nyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsuka kale, ndipo mbale imodzi siinaone m'mawa.

Tsiku la chionetsero linafika dzuwa lili phwee. Analowa m'sitolo pakhomo lalikulu, amuna ndi akazi, atavala zakutchalitchi. Chitedze anali asanaonepo mkatimo. Pansi panali kapeti wofiira, m'makoma mabokosi mpaka kudenga, pakati mipando yofewa ndi timipando tating'ono toikapo phazi. Munkanunkhira polishi ndi chikopa chatsopano. Mayi wina wachizungu amene ankayesa nsapato anakokera mwana wake pafupi, n'kutuluka ndi nsapato zosiyana. Atsikana awiri ogulitsa anathawira kuseri kwa kauntala.

Anthu anakhala pamipando ija n'kuyamba kumasula zingwe. Apa ndi pamene Chitedze anazindikira chimene mkwiyo unamubisira masiku onsewa, chinthu choti ndi mwana yemwe akanachiona. Wofuna kuyesa nsapato amayamba wavula yake.

"Vulani, alamu," ananong'ona Anamwino.

"Ndivula akabwera."

"Vulani pano. Tinagwirizana."

Anavula akukukuta mano, n'kuziika pafupi kwambiri, poti dzanja lifikepo msanga. Bwana Chikopa anatuluka mu ofesi yake. Anali wamfupi kuposa mmene Chitedze ankamuonera m'maloto, wadazi, magalasi ali pamphuno, ndipo mimba yake telala anaikokomeza pang'ono chabe. Sanatukwane, sanayandikire munthu. Anaimba foni kupolisi ali kuseri kwa kauntala, kenako anatenga tsache lalitali losesera pansi, n'kuyamba kukankha nsapato za anthu zija, iye ali patali, ngati akuchotsa chinthu chakufa. Anazikankhira pakhomo, n'kuzigwetsera mumsewu. Galimoto yotola zinyalala inkadutsa, ndipo anaiimitsa ndi chala chimodzi. Nsapato za zitsulo zija zinakwera limodzi ndi zinzake, zisanagwire ntchito imene anazikhomera.

"Tabwera kudzayesa nsapato," anatero Anamwino, ndipo ena onse anabwereza.

"Ndiye mwayamba bwino," anayankha Bwana Chikopa. "Mwavula kale."

Chitedze anamva ntchafu zikufinya manja ake mpaka zala kuchita dzanzi. Pakati pa iye ndi munthuyo panali kauntala, tsache, ndipo posakhalitsa panadzaimanso apolisi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Apolisi sanabwere ndi galimoto. Anati anthu okonda kuvula nsapato ayende choncho. Anawayendetsa pakati pa msewu masana, phula litafewa ndi dzuwa, kuchokera kusitolo mpaka kupolisi kuseri kwa siteshoni ya sitima. Telala anayesa kuponda m'mphepete mokhala mthunzi, ndipo wapolisi anamutsitsira chibonga pamkono. Fupa linalira anthu onse akumva. Telala yemwe uja, wamantha ndi agalu, wokomoka akaona magazi a nkhuku, anangogwira mkonowo ndi dzanja linalo n'kupitiriza kuyenda. Chitedze anamuyang'ana, manyazi a mbama ija n'kumugwira.

M'mbali mwa msewu anthu anaima kuonerera. Mayi wina wogulitsa malasha anawerama, n'kuvula nsapato zake, n'kuziika m'dengu, n'kulowa mumsewu kumbuyo kwa omangidwawo. Wonyamula katundu wa pasiteshoni anamutsatira. Pofika kupolisi, oyenda opanda nsapato anali atachuluka kuposa amene apolisi anawamanga, moti sankadziwanso woti amulowetse m'chitokosi ndi woti amuthamangitse.

Chitedze atatulutsidwa patapita masiku, mlandu ukudikira khoti, anafika kunyumba akuponda ngati pali minga. A Chitseko anamukhazika pabedi, n'kukoka beseni la madzi ofunda, n'kunyamula phazi lake kuliika pabondo lawo. Kumapazi kunali matuza okhaokha, ena ataphulika. A Chitseko anawayang'ana nthawi yaitali.

"Ine shuga ndilibe," anatero Chitedze. "Apola awa."

"Nanenso ndinkati lipola."

Anamusambitsa chala chimodzichimodzi, misozi ikugwera m'beseni. Chitedze anali asanawaonepo akulira, ngakhale tsiku lodulidwa mwendo lija. Ukanati ataona zimenezi mtima wake unafewa, koma ayi. Misozi imeneyonso anaiwonjezera pa mlandu wa Bwana Chikopa.

Zimene Bwana Chikopa anayamba ndi tsache lake zinamukulira. Anthu akuda a m'tauni yonse anasiya kuvala nsapato. Zenera la kumbali lija linagwira kangaude. M'mahotela operekera zakudya ankabwera atavala majekete oyera, mataye ali pakhosi, pansi zala zili yangayanga pa kapeti. Amesenjala a kubanki, olera ana a azungu, oyendetsa zikepe za m'nyumba zosanja, onse mapazi ali pamtunda. Bwana akakalipa, yankho linali limodzi, lonenedwa mwaulemu wonse: "Pepani bwana, ndikudikira kuyesa." Ena anachotsedwa ntchito. Chitedze anali m'gulu loyamba, chifukwa ati kuchipatala sikolowa munthu wopanda nsapato. M'nyumba zambiri moto unayamba kuyaka kamodzi patsiku. Koma chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo apa zala zinali zambiri zedi.

Alendo ochokera kunja anayamba kujambula mapazi a operekera zakudya m'malo mojambula nyumba zakale za m'tauni. Zimenezi eni mahotela sanazikonde. Amalonda anzake a Bwana Chikopa, amene poyamba ankamugwira chanza, anayamba kumuyendera madzulo nkhope zili gwa. Mapeto ake khonsolo inaitana Anamwino ndi anzake, n'kugwirizana chonchi: masitolo onse a nsapato alola aliyense kukhala pansi ndi kuyesa, ndipo milandu ya omangidwa aja iimitsidwa. Koma pakangochitika chipolowe, ngakhale kukankhana chabe, pangano lafa, ndipo onse a milandu akalowa kundende. Woyamba kutsegula anali Bwana Chikopa. Atsikana ake ogulitsa atamva kuti azigwadira mapazi akuda, anasiya ntchito tsiku lomwelo. Wogwada anatsala mwini wake.

Nkhani imeneyi itafika kwa Chitedze, anaseka koyamba patapita nthawi yaitali. Kusekako a Chitseko sikunawasangalatse.

"Mawa tipitira limodzi," anatero Chitedze.

"Ine ndikatani? Ndikagule theka?"

"Mukaone."

"Zimene mukufuna ndikaonezo sindizifuna, mayi." Kenako anapempha malaya awo oyera aja kuti asitidwe. Anadziwa kuti akatsala, mkaziyu apita yekha, ndipo kuli bwino kukhala pafupi ndi moto kusiyana ndi kungoona utsi uli patali.

M'mawa mzere unali utayambira pakhomo la sitolo, kudutsa pa banki, n'kukhotera kumsewu wa kusiteshoni. Onse opanda nsapato. Mapazi anali atasintha m'miyezi imeneyo: ong'aluka zidendene, otuwa, ena omangidwa nsanza. Komiti ya chionetsero inali itasankha kuti woyamba kulowa akhale Anamwino, munthu woti ungamuponde chala iye n'kukupepesa. Koma anthu ataona a Chitseko akubwera ndi ndodo zawo, mkazi wawo ali pambali, mzere unapatuka wokha. Panalibe wosadziwa nkhani ya mwendo umenewo.

Anamwino anagwira mkono wa Chitedze pakhomo. "Alamu, tayang'anani uko."

Telala anali pamzere, mkono uli pachifuwa, wopindika pang'ono pamene fupa linalumikizana molakwika. Lumo ankaligwira movutikira tsopano.

"Mkono umenewo unatithyokera tonse," anatero Anamwino. "Musautaye."

"Manja anga ndi awa," anayankha Chitedze, n'kuwapinda kumbuyo. Anamwino anayang'ana pansi, pa mapazi a mlamu wake, ndipo nkhope yake inasintha. Koma Chitedze anali atalowa kale.

Mkatimo, pafupi ndi khomo, panaima wapolisi wamkulu, chibonga chili m'khwapa. Chitedze anakhala pa mpando wofewa, n'kuika phazi lamanja pa kampando. Zitsulo panalibe, koma chidendene chimene chayenda pa phula miyezi yonseyo sichisiyana kwenikweni ndi mwala. A Chitseko anaima chapambali, atatsamira ndodo, akupuma mwamphamvu.

Bwana Chikopa anabwera ndi kathabwa koyezera phazi. Anaima kaye, ngati mawondo akumukanira. Kenako anatsika, bondo limodzi, lina n'kutsatira. Chitedze anaona pamwamba pa dazi lake, timadontho ta ukalamba, thukuta likutsikira kumakutu. Nkhope ija inali pamenepo, pafupi kuposa mmene anailotera.

"Mukuwadziwa bambo awo?" anafunsa.

Bwana Chikopa anacheuka, n'kuyang'ana a Chitseko kuchokera kumutu mpaka pa pini ya buluku.

"Ayi," anatero. "Anthu inu ndinu ambiri."

Chidendene chinanyamuka pa kampando. Chitedze anamva magazi akulira m'makutu. Zaka zonsezi iye akugona ndi nkhope ya munthuyu, mwini wakeyo ankagona tulo tabwino, osadziwa n'komwe kuti kunja kuno kuli mwendo umene anaudya. Anakoka bondo kumbuyo pang'ono, minofu yonse itakungika.

Ndiye anaona chinthu. Bwana Chikopa sanabwerere m'mbuyo. Munthu akaona phazi likumulunjika amaphethira, amabisa nkhope, koma uyu anavula magalasi, n'kuwaika m'thumba la malaya, n'kutukula chibwano. Maso ake anathamangira kwa wapolisi uja, ndipo wapolisiyo anali atachotsa kale chibonga m'khwapa.

"Wopunduka aliyense ndizimudziwa ine?" anawonjeza Bwana Chikopa, motsitsa mawu kuti amve Chitedze yekha.

Apa Chitedze anamvetsa. Munthuyu ankapempha. Anali atawerengera kuti mano awiri kapena atatu ndi mtengo wotsika. Akangopondedwa, adzuka magazi ali kukamwa, pangano lafa, zenera la kumbali latsegulidwanso, ndipo sadzagwadiranso wakuda mpaka kumanda. Chitedze anayang'ana kunja kudzera pa galasi lalikulu. Mzere unkapitirira mpaka kumene maso sanafike, mapazi a fumbi, a mikwingwirima, a zikang'a, onse akudikira manja ofewa amenewa. Mawa adzabwera ena. Mkuja enanso.

Mtima wake sunakhululuke kanthu. Unangopeza chilango choposa chimene anabwera nacho, ndipo unachikonda. Anatsitsa phazi pang'onopang'ono, n'kuliika pa kapeti mofatsa ngati dzira.

"Valani magalasi anu, bwana," anatero. "Ntchito ilipo yambiri lero. Ine ndangoperekeza. Oyesa ndi awa."

Anaimirira, n'kulandira ndodo za mwamuna wake, n'kuwathandiza kukhala pampando. A Chitseko anaika phazi lawo limodzilo pa kampando. Wapolisi anabwezera chibonga m'khwapa, nkhope itagwa. Bwana Chikopa anakhala kanthawi chibwano chili m'mwamba, ngati munthu amene basi yamudutsa ataikwezera dzanja. Kenako anapisa m'thumba n'kuvala magalasi.

Anayeza kutalika. Anatembenuza kathabwa n'kuyeza kutambalala, chinthu chimene a Chitseko sankadziwa kuti chimayezedwa. Anakwera makwerero, n'kutsika ndi bokosi. Yoyamba inathina pa zala.

"Ina," anatero Chitedze.

Anakweranso. Yachiwiri inali yakuda, yotambalala kutsogolo, ndipo bokosi lake linali ndi fumbi pamwamba. Phazi linalowa ngati likulowa kwawo. Bwana Chikopa anamanga zingwe, zala zake zikuphonya mabowo. A Chitseko anagwira phewa la mkazi wawo n'kuimirira. Anagwedeza zala mkatimo, n'kuponda, n'kupondanso.

"Yakwana," anatero. Anayang'ana bokosi la fumbi lija, kenako shelefu imene linachokera, yoyang'anizana ndi zenera la kumbali. "Kani inalipo."

Mawu amenewa sanawanene kwa wina aliyense, koma anamveka mpaka pakhomo. Anamwino anatembenukira kukhoma, dzanja lili pakamwa.

A Chitseko anakhalanso pansi. Bwana Chikopa, mwachizolowezi cha zaka zambiri, anali atatulutsa kale nsapato inayo m'bokosi, ataimasula zingwe, ataitsegula kukamwa. Anatembenuka nayo kuti aveke, ndipo anakumana ndi mwendo wa buluku wopindidwa, ndi pini. Dzanja linaima m'malere.

"Malizani," anatero Chitedze. "Tikudikira."

Bwana Chikopa anayang'ana pini, anayang'ana nsapato, khosi n'kufiira mpaka m'makutu.

"Mwendo umenewo unalowa m'nsapato yanu," anatero Chitedze, mosakweza mawu. "Anabwera nayo pa zenera apo kuti muwasinthire. Munakana. Simukuwadziwa, mwatero. Palibe kanthu. Muwadziwa."

"Basi, mayi," anatero a Chitseko. "Tiyeni."

Chitedze anasiya ndalama za zonse ziwiri pa kauntala. Bwana Chikopa, adakali chogwada, anakoka bokosi kuti ayikemo yotsalayo.

"Iyo ndi yanu," anatero Chitedze. "Ife kwathu kulibe woivala, ndipo kuno kulibe adzaigule. Muipezere poiika."

Anatuluka, a Chitseko ali patsogolo. Anthu sanaombe m'manja, sanaimbe, anangowapatukira. Pa sitepe Anamwino anagwira dzanja la mlamu wake, n'kupeza likuzizira.

"Ndinkadziwa kuti mtima wanu ndi wabwino, alamu."

"Musandinamizire," anayankha Chitedze. "Ndikanamuponda akanapuma."

Asanawoloke msewu anacheuka kamodzi. Kudzera pa galasi anaona Bwana Chikopa ali pomwe paja, nsapato yamanzere ili m'dzanja, akuyang'anayang'ana poiika. Telala anali atakhala kale pampando, ndipo phazi lake lotuwa linali pa kampando likudikira.